Mbewu Yogula ndi Mbewu Yosunga: Maganizo Ochokera pa Komboni ya Jumbo

M'mabuku ambiri a zaulimi amene timaphunzitsira ana, mutu wa dimba umayamba ndi langizo lakuti mlimi agule mbewu yabwino ku sitolo yovomerezeka. Kenaka pamabwera za nazale, mabedi, feteleza ndi mankhwala, ndipo mutuwo umathera pa kukolola ndi kugulitsa. Za kumene mbewu ya chaka chamawa idzachokere, bukulo limangoti duu. Pamenepa pali mpata waukulu, ndipo inu aphunzitsi anzanga amene mukuwerenga bukuli usiku mutamaliza kuchonga makope a ana, ndinu amene mungautseke. Ine ndimakhulupirira kuti kusankha ndi kusunga mbewu ndi luso loyenera kuphunzitsidwa mofanana ndi kuwerenga ndi kuwerengera. Sukulu imene imaphunzitsa mwana kugula kokha ikumupatsa theka la ulimi.

Ndikulemba izi maso anga ali pa malo amodzi, komboni ya pa Jumbo Mine m'boma la Mazowe, chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe. Malowa ali makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa Harare, mbali ya ku Bindura kumene kulinso migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca. Golide wakhala akukumbidwa pa Jumbo kwa zaka zoposa 100, ndipo ambiri mwa amene anamukumba anali ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena anabwera wapansi n'kuwoloka Zambezi, ena pa malole a Ulere, enanso kudzera kwa a Mthandizi amene ankalemba anthu ntchito. Ambiri sanabwererenso kwawo, anasanduka matchona. Zidzukulu zawo zilipo, zikulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona, zikuvina gule wamkulu amene anzathu kuno amamutcha zvigure. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'dzikoli.

Chimene chimasiyanitsa banja la pa komboni ndi banja la kumudzi n'chiyani? Munthu amene ali ndi kwawo, amene Ashona amati ali ndi musha, ntchito ikamuthera amamanga katundu n'kubwerera. Kumeneko akapeza munda, nkhokwe, ndi azakhali amene angamutapire mbewu m'lichero. Koma mdzukulu wa mtchona kwawo ndi pa komboni pomwepo. Munda wake ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba, kapena mizere ingapo m'mbali mwa msewu ndi m'mphepete mwa phiri. Ntchito ya kampani itaima pa mgodiwu mu 2018, malowa anadzaza ndi okumba golide paokha amene amatchedwa makorokoza, ndipo mabanja amene ankadalira malipiro a pa mwezi anatembenukira ku timadimba tomweti. Kwa munthu wotere, mbewu imene ili m'botolo pansi pa bedi si nkhani ya chikhalidwe chabe ayi. Ndi ndiwo za mwezi wa Januwale. Mbewu yachithandizo nthawi zina imafika mvula itapita kale, ndipo amene alibe munda wodziwika dzina lake limavuta kulowa m'kaundula. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tayendani m'madimba a pa komboni mvula ikakhazikika, muone zimene zili m'menemo. Mupeza bonongwe amene Ashona amati mowa, luni amene amati nyevhe, chisoso, denje, therere lobala, mpiru, nkhwani ndi maungu amitundumitundu, mphonda, zipwete, khobwe wa chitambe, nzama, nandolo kumalire, nyemba zoyanga pa chimanga. Tsopano lowani m'sitolo ya zaulimi ku Bindura kapena ku Glendale. Pa shelefu pali repu, kabichi, tomato, anyezi, karoti. Zambiri mwa ndiwo zimene ndatchula poyamba zija simungazipeze m'paketi, ndipo mukaipeza imodzi, ndi mtundu umodzi wokha. Mtundu wa dzungu lokoma ngati mbatata limene agogo ena akhala akubzala chichokereni ku Dedza kapena ku Angonia, kulibe kampani imene ikulisunga. Likusungidwa m'kamfundo ka nsalu. Agogowo akatisiya, ana n'kusesa m'nyumba, kamfundoko kamapita kudzala, ndipo mtunduwo wathera pomwepo popanda womva.

Mbewu ya haibulidi si mdani

Ndisanapitirire, ndinene poyera kuti sindili m'gulu la amene amati mbewu ya ku sitolo ndi yoipa. Dziko la Zimbabwe lili ndi mbiri yaikulu pa chimanga cha haibulidi. Mu 1960 akatswiri a kuno anatulutsa SR52, imene inadziwika pa dziko lonse chifukwa cha zokolola zake, ndipo pambuyo pake kunabwera mitundu yocha msanga monga R201 ndi R215 imene alimi ang'onoang'ono anailandira ndi manja awiri. Ku Malawi, a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, chimanga cha haibulidi cholimba ngati chamakolo, chifukwa amayi ankadandaula kuti haibulidi wakale amanyenyeka mumtondo ndipo anankafumbwe amamutha msanga m'nkhokwe. Munthu amene ali ndi munda wokulirapo, feteleza ndi ndalama yogulira mbewu chaka ndi chaka, agule haibulidi, adzakolola zambiri. Dera la Mazowe mvula yake ndi yabwino ndipo nthaka yake ya katondo imalola.

Vuto limabwera pamene munthu wopanda ndalama atapa mbewu pa chimanga cha haibulidi chimene anakolola n'kubzalanso. Haibulidi ndi mwana wa makolo osiyana amene anakwatitsidwa mwadala, ndipo mphamvu yake ili pa m'badwo woyamba wokha. M'badwo wachiwiri ana amasiyanasiyana, wina wamtali wina wamfupi, wina wocha msanga wina wochedwa, ndipo zokolola zimatsika. Kafukufuku wa bungwe la CIMMYT, limene lili ndi malo ake ofufuzira ku Harare, anapeza kuti haibulidi wobwereza amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola, pamene chimanga cha kompoziti chimataya pang'ono chabe. Kompoziti, monga ZM521, amaloledwa kubwerezedwa kwa zaka ngati zitatu musanagule wina watsopano. N'chimodzimodzi ndi tomato kapena kabichi: paketi ikalembedwa F1, dziwani kuti njere zake sizidzafanana ndi kholo. Mwana wa sitandade 6, kapena giredi 6 monga timanenera kuno, angathe kumvetsa zimenezi bwinobwino. Nanga n'chifukwa chiyani sitimuuza?

Choncho maganizo anga si akuti tisiye kugula. Ndi akuti banja lidziwe mbewu yoyenera kugula ndi yoyenera kusunga. Kabichi ndi karoti sizibereka njere zabwino kawirikawiri m'madera athu otentha, zimenezo gulani. Anyezi njere zake sizikhalitsa, chaka chimodzi zafooka. Koma bonongwe, luni, therere, mpiru, maungu, nyemba, khobwe, nzama, mtedza, tsabola ndi tomato wamakolo uja wating'onoting'ono, kugula chaka chilichonse n'kutaya ndalama.

Pa za chilengedwe sinditalikitsa, chifukwa nonse mwaona ndi maso. Chilala cha 1991/92, njala ya ku Malawi ya 2002, chilala cha 2015/16, ndi cha 2023/24 chimene chinachititsa kuti Zambia, Malawi ndi Zimbabwe alengeze kuti kwagwa tsoka, zonsezi zinakantha kwambiri amene anabzala mbewu imodzi. Mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zimene zinafika kuno mu 2016 ndi 2017 zinalunjika pa chimanga, khobwe ndi nzama n'kutsala. Dimba la mitundu yambiri siligwa lonse pamodzi. Mbewu za mtundu wa nyemba zimaonjezera chonde m'nthaka, nkhwani amaphimba pansi kuti chinyontho chisathawe, ndipo ndiwo zamakolo sizilira mankhwala opopera ngati mmene amalirira kabichi ndi tomato. Mbewu imene yasankhidwa pa malo amodzi kwa zaka zambiri imazolowera nthaka ndi mvula ya pamenepo. Imeneyi ndi ntchito imene sitolo singakuchitireni.

Kusankha kumayambira m'munda

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa anthu ambiri amene amati amasunga mbewu, kwenikweni amangosunga zotsala. Amadya zabwino, amagulitsa zabwino, ndipo zimene zatsala pansi pa thumba mu Okutobala ndizo amabzala. Kumeneko n'kusankha ndithu, koma n'kusankha kobwerera m'mbuyo.

Mbewu imasankhidwa mmera ukadali chilili m'munda, chifukwa m'nkhokwe mumangoona chisononkho, simuona mayi wake. Chisononkho chachikulu chikhoza kukhala chochokera pa phesi limene linamera pa chulu kapena pamene panali khola, ndiye ukulu wakewo ndi wa manyowa, si wa mtundu. Yendani m'munda chimanga chikamakhwima. Funani phesi lolimba losagwa, lopanda matenda a masamba, lokhala pakati pa anzake osati lotalikirana nawo, chisononkho chake chokutidwa bwino ndi makoko mpaka kunsonga kuti mvula ndi anankafumbwe asalowe. Mangani kansalu kapena luzi pa phesilo, ndipo muuze ana kuti chimenecho si chootcha. Pokolola, zisononkho zimenezo zikhale pazokha. Potonola, njere za kunsonga ndi za kutsinde zipite ku mtondo, za pakati ndizo mbewu.

Chimanga chili ndi zovuta ziwiri pa komboni. Choyamba ndi mungu. Mungu wa ku ngayaye umauluka ndi mphepo n'kukagwera pa ndevu za chimanga cha mnzako, ndipo alimi a mbewu amasiya mtunda wa mamita 200 kapena kuposerapo pakati pa mitundu iwiri. Pa komboni mamita 200 muwapeza kuti? Mizere yanu yagundana ndi ya aneba. Njira zilipo: kubzala mosiyanitsa masabata atatu kapena anayi kuti ngayaye zisatulukire pamodzi, kutenga mbewu pakatikati pa munda osati m'mbali, kapena oyandikana kugwirizana kubzala mtundu umodzi. Chachiwiri ndi kuchuluka. Chimanga chikamatengedwa pa zisononkho zisanu zokha chaka ndi chaka chimafooka, monga mmene chimafookera chiweto chokwerana pachibale. Pamafunika zisononkho zosachepera 100, akatswiri ena amati 200. Banja limodzi la timizere khumi silingakwanitse. Mabanja khumi akhoza, aliyense atabweretsa zake n'kusakaniza, kenaka n'kugawana. Ndiye muone kuti pa komboni kusunga mbewu ya chimanga ndi ntchito ya gulu, pamene nyemba, khobwe, nzama ndi mtedza, zimene maluwa ake amadzipatsa okha mungu, munthu mmodzi angazisunge payekha mtundu osasokonekera kwenikweni.

Pa ndiwo zamasamba pali kulakwitsa kumene ndimakuona pafupifupi m'dimba lililonse. Mpiru kapena bonongwe amene wayamba kuchita maluwa, mayi amati uyu watha ntchito, asiyidwe akhale wambewu. Chaka chamawa chimodzimodzi. Pakatha zaka zingapo mpiru wonse ukuthamangira maluwa masamba asanakule, ndipo anthu amati mbewu yakalamba. Sinakalambe, mwaiphunzitsa nokha. Wambewu akhale amene wachedwa kuchita maluwa, wamasamba aakulu ofewa, amene mtima ukukukokani kuti mumuthyole. Ameneyo ndiye musiyeni. Ngala za bonongwe zidulidwe pamene njere zayamba kuyoyoka mukagwedeza, ziumire pa thumba pa mthunzi. Luni athyoledwe zitheba zikachita chikasu zisanaphulike zokha. Therere lobala liumire pa mtengo pomwepo.

Dzungu lambewu likhwime mpaka khungu litalimba losalowa chikhadabo, ndipo likhale masabata angapo litathyoledwa musanalidule. Lilaweni kaye. Lopanda kukoma njere zake zikazingidwe kapena zisinjidwe zothira ndiwo. Musaiwale kuti njuchi zimanyamula mungu kuchoka pa chiluwe china kupita pa china, choncho maungu oyandikana amasakanizana. Ena zimenezi sizimawavuta, ndipo inenso sindiona vuto lalikulu bola mupitirize kusankha okoma. Tomato wambewu apse kwambiri. Finyirani njere ndi madzi ake omwe m'kapu, zikhale masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite thovu, kenaka tsukani. Zomira pansi ndizo zabwino, zoyandama tayani. Mtedza usungidwe ndi makoko ake mpaka nthawi yobzala itayandikira.

Adani a mbewu yosungidwa ndi atatu, chinyezi, kutentha ndi tizilombo, ndipo wamkulu ndi chinyezi. Katswiri wina wa ku California, J. F. Harrington, anapereka lamulo losavuta kukumbukira: mbewu youma kale ikatsika chinyezi ndi gawo limodzi pa 100, moyo wake umawirikiza kawiri, ndipo malo osungira akazizira ndi madigiri 5, umawirikizanso kawiri. Chimanga ndi nyemba ziume mpaka chinyezi chifike pa 12 kapena 13 pa 100. Makina oyezera tilibe, koma mano tili nawo. Njere youma imati thee mukailuma, siphwanyika mofewa. Palinso njira ya mchere. Ikani njere m'botolo lagalasi louma, thirani mchere wouma pang'ono, tsekani, gwedezani, mudikire mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewu sinaume. Musayanike mbewu pa lata kapena pa simenti yotentha masana, imapsa mtima ngakhale kunja ikuoneka bwino. Nyumba za pa komboni zimatentha kudenga, ndiye botolo la mbewu likhale pansi, ku ngodya yamdima.

Makolo ankapachika zisononkho pamwamba pa moto kuti utsi ndi mwaye zithamangitse anankafumbwe, ndipo nyemba ndi khobwe ankazisakaniza ndi phulusa losefa mumtsuko womata pakamwa. Njira zimenezi zikugwirabe ntchito. Ena amaonjeza masamba ouma a nimu kapena a mthuthu. Botolo kapena chigubu chotsekeka bwino, chodzaza mpaka pakamwa, chimapha tizilombo posowa mpweya, koma mbewuyo ikhale youma ndithu, apo ayi idzachita chuku. Chimene ndikukana ndi mtima wonse n'chizolowezi chothira mbewu mankhwala a fodya kapena a thonje, kapena kuika mapiritsi ofukizira chimanga m'chipinda chogona. Mbewu yotsala imathera mumphika. Pa chifukwa chomwecho, ana adziwe kuti mbewu ya ku sitolo yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ili ndi poizoni. Sidyedwa ngakhale mutaitsuka, ndipo sipatsidwa nkhuku.

Sikuti zonse za m'kamfundo ka agogo n'zabwino. Matenda ena a nyemba amayenda ndi njere, choncho njere zamawanga achilendo, zokwinyika kapena zochokera pa mmera wopiringizika masamba zisasungidwe, ngakhale zitakhala za mtundu wokondedwa. Mbatata ndi chinangwa, zimene timabzala kholowa ndi mitengo, zimanyamula matenda mosavuta kuposa njere. Ndiponso ndinene za chizolowezi chathu ife a kuno. Wina akapita ku maliro ku Malawi amabwera ndi kathumba ka nyemba kapena mitengo ya chinangwa kudzera pa Mwanza, Zobue ndi Nyamapanda. Mtima wake ndimaumvetsa. Koma tizilombo timayenda chimodzimodzi. Nankafumbwe wamkulu amene amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe si wa ku Africa, anabwera ndi katundu kuchokera ku Central America. Kudutsitsa mbewu pa malire kumafuna chilolezo, ndipo ofesi ya boma yoona za matenda a mbewu zolowa m'dziko ili ku Mazowe komweko, pafupi ndi ife. Mitundu yambiri ya kumudzi inafika kale pa komboni zaka makumi angapo zapitazo. Tiyambe taisunga imeneyo.

Chenjezo lina ndi la pa mgodi pokha. Mbewu yabwino siyeretsa nthaka yoipa. Dimba la sukulu lisakhale pafupi ndi milu ya dothi lotsala pokonza golide, ndipo lisathiriridwe ndi madzi otsika kumene anthu akutsukira miyala ndi mekyule kapena sayanaidi. Ndiwo zamasamba zimatola fumbi ndi zoipa za m'madzi otere.

Nanga mphunzitsi alowa pati?

Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, imene ku Malawi amati sukulu ya kwacha. Tinaphunzitsidwa njira ya Paulo Freire wa ku Brazil, yakuti phunziro liyambire pa liwu limene likukhudza moyo wa ophunzirawo, ndiponso njira ya REFLECT imene bungwe la ActionAid linayamba kuyesa mu 1993, imene ophunzira amajambula pansi mapu ndi makalendala a moyo wawo asanagwire pensulo. Pa mawu onse amene ndayesapo, ochepa amatsegula pakamwa pa anthu ngati liwu lakuti mbewu. M'menemo muli mba, mbe, mbi, mbo, mbu, ndipo kuchokera apo mutuluka mbale, mbiya, mbuzi, mbatata. Koma chachikulu si maphatikizowo. Mayi amene wakhala chete mwezi wathunthu poopa kuti sadziwa kanthu, mukangomufunsa mitundu ya nyemba, amasanduka mphunzitsi. Amakuuzani yocha msanga, yopsa msanga pa moto, yamasamba okoma a khwanya, yosagwidwa msanga ndi anankafumbwe. Inu mumangojambula mizere pansi, iye n'kumaika timiyala posonyeza imene ipambana inzake. Agogo ena anandiuza kuti chimene akufunira kulemba si kalata, koma dzina ndi chaka pa botolo, chifukwa maso atopa ndipo njere za mpiru ndi za repu zikufanana.

Zomwezo zingachitike m'kalasi la ana. Atumeni akafunse kunyumba mbewu zimene banja limasunga, dzina lake m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chingerezi ngati lilipo, amene anabwera nayo ndi kumene inachokera. Mulembe zonse m'kope limodzi lachikuto cholimba. Limenelo ndi kaundula wa mbewu, komanso ndi phunziro la chiyankhulo ndi la mbiri, mbiri imene ana a matchona saipeza m'buku lililonse la kusukulu. Masamu nawo ali pomwepo. Werengani njere 100 za chimanga kapena nyemba, zikulungeni m'nsalu yonyowa, muzinyowetsa tsiku ndi tsiku, pakatha masiku 7 muwerenge zomera. Zikamera 85 kapena kuposa, mbewu ili bwino. Zikamera 70, onjezerani njere pa phando. Zikalephera kufika 60, ine ndimati funani ina nthawi ikadalipo. Mwana amene wawerenga yekha mizu imeneyo sadzavutikanso ndi tanthauzo la peresenti. Kuyesaku kuchitike mu Seputembala kapena Okutobala, osati mvula itagwa. Luni yekha musamuweruze msanga, njere zake zatsopano zimagona, zimamera bwino zikakhala miyezi ingapo.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena: silabasi yadzaza kale, mayeso safunsa za luni, ndipo ana eni ake amaseka ndiwo zimenezi kuti n'za osauka. Za silabasi ndayankha, simukuonjezera phunziro, mukungosintha chitsanzo. Za kuseka, funsani kuti anaphunzira kwa yani. Ngati dimba la sukulu lili ndi kabichi ndi repu zokha, ndipo bonongwe akamera timauza ana kuti azule ndi udzu, ndife amene tawaphunzitsa. Pamene ife tikuzula, bungwe la United Nations linatcha 2023 chaka cha mawere, mchewere ndi mapira, mbewu zomwe zija tinkati n'zachikale. Kuno ku Zimbabwe a Fambidzanai Permaculture Centre ndi pulogalamu ya SCOPE akhala akugwira ntchito ndi masukulu pa ulimi wosamala chilengedwe kuyambira zaka za m'ma 1990. Bungwe la Community Technology Development Trust linathandiza alimi kumanga nkhokwe za mbewu za m'midzi ku Uzumba-Maramba-Pfungwe, Tsholotsho ndi Chiredzi chitapita chilala cha 1992. Ku Malawi, alimi a ku Ekwendeni akhala akuchita zofanana kuyambira mu 2000 pa ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities. Mayi Elizabeth Mpofu, mlimi wa ku Shashe m'chigawo cha Masvingo, anatsogolera gulu la alimi ang'onoang'ono la dziko lonse lapansi la La Via Campesina kuyambira mu 2013, ndipo nkhani ya mbewu zamakolo inali pakamwa pawo nthawi zonse.

Ena amaopa kuti kusunga mbewu n'koletsedwa. Pangano la mayiko la mbewu za chakudya ndi ulimi la mu 2001, limene Malawi, Zambia ndi Zimbabwe analowamo, limatchula m'gawo 9 za ufulu wa alimi wosunga, kubzala ndi kusinthana mbewu ya m'munda mwawo, motsata malamulo a dziko lililonse. Kupatsana ndi aneba ndi nkhani ina, kulongedza m'mapaketi n'kumagulitsa ngati mbewu yovomerezeka ndi nkhani inanso imene ili ndi malamulo ake. Sukulu ikafuna kugulitsa, iyambe yafunsa mlangizi wa zaulimi.

Nkhokwe zikuluzikulu ziliko. Ku Chitedze kuli ya Malawi, ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka kuli ya mayiko a SADC, ndipo ku Svalbard m'dziko la Norway kuli imene inatsegulidwa mu 2008, yosunga mbewu pa madigiri 18 kutsika pa ziro. Ntchito yake ndi yofunika. Koma mbewu ya mufiriji imakhala monga inalili tsiku lomwe inalowa, siphunzira mvula ya masiku ano imene imayamba mochedwa n'kudukiza mu Januwale, ndipo mayi wa pa Jumbo sangakagogode kumeneko mvula yoyamba ikagwa. Iye nkhokwe yake ndi mnzake wa mzere wachitatu wa nyumba, ndi tchalitchi, ndi mzikiti, ndi sukulu yanu.

Mukafuna kuyamba, musayambe ndi mitundu makumi awiri. Tengani itatu kapena inayi yosavuta, monga khobwe, bonongwe, therere ndi dzungu. Mangani tinsalu pa mmera mu Febuluwale ndi Malichi, teremu yoyamba isanathe, chifukwa zambiri zimakhwima pa holide ya Epulo ana atabalalika, ndipo pamafunika wina woti adzakolole. Tsiku lotsekera teremu yachiwiri itanani makolo, aliyense abwere ndi mbewu yake pa mbale, aitchule dzina, asinthane. Chizindikiro cha pa botolo chilembedwe ndi pensulo, inki imafufutika, ndipo kapepala kena kakhale m'kati. Mtundu uliwonse ugawidwe pawiri, botolo limodzi likhale kusukulu, lina kunyumba kwa kholo lokhazikika pa komboni, ndipo kope lija likhale m'manja mwa komiti ya makolo, chifukwa aphunzitsife kalata yotisamutsa imabwera osagogoda.